Galu wanga wa miyendo itatu akubwereranso ku opaleshoni

FUNSO: Adokotala, galu wanga Bobi anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza, mwendo wakutsogolo n'kuphwanyika moti anachita kuudula. Tinkayesa zatha, koma bala latseguka, likuchucha madzi ndipo layamba kununkha. Dokotala wa ziweto akuti amuchitenso opaleshoni. Bambo akunyumba akuti tikungomuzunza galuyo n'kumataya ndalama. Ndivomere kodi? Nanga ndimusamale bwanji kuti zisachitikenso? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, vomerani, ndipo musachedwe. Bala lonunkha likakhalitsa, matenda amalowa mkati mpaka m'magazi. Opaleshoni yachiwiriyi kawirikawiri imakhala yocheperapo poyerekeza ndi yoyamba ija: amachotsa mnofu wowola, kutsuka mkati, kufupikitsa kafupa ngati kanatsala ndipo kakubaya khungu, n'kusokanso. Musanasiye Bobi patebulo, afunseni adokotalawo chimene chatsegula balalo. Ngati ndi matenda, pemphani kuti atengeko mafinya akayeze, mankhwala asakhale ongoganizira. Afunseninso nthawi yomusiyitsa chakudya, chifukwa galu wogonekedwa ndi mankhwala ali wokhuta atha kusanza n'kutsamwa.

Koma ntchito yaikulu ili kunyumba kwanu, pa milungu iwiri yoyambirira. Ulusi amachotsa pakapita masiku 10 mpaka 14, ndipo mabala ambiri amene ndaona akubwerera anatseguka nthawi imeneyi, chifukwa cha lilime la galu mwini wake.

Anthu amati malovu a galu amapoletsa bala. Pa bala losoka zimenezo n'zabodza. Lilime limafewetsa khungu, mano amadula ulusi, ndipo usiku umodzi wokha ndi wokwanira kuwononga zonse. Kolala yapulasitiki yonga fanulo ija isachoke m'khosi, usana ndi usiku. Adzagunda nayo zitseko, adzakuyang'anani ndi maso achisoni, ana adzachonderera kuti mumuvule. Limbani mtima. Popeza bala la Bobi lili cha paphewa, athanso kulikanda ndi mwendo wakumbuyo, choncho muvekeni sikipa yakale yochapa bwino, muimange mfundo pamsana, muzisintha tsiku lililonse.

Agone m'nyumba kapena pakhonde lotchinga, pa bulangete louma. Panja pali fumbi ndi ntchentche, ndipo nyengo yotentha ntchentche ikaikira mazira pabala, mphutsi zimaoneka tsiku limodzi lisanathe. Pansi popaka polishi yalani mphasa kapena ziguduli. Galu amasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake ndi miyendo yakutsogolo, ndiye Bobi katundu yenseyo wagwera mwendo umodzi. Akaterereka amagwa chafufumimba, pomwe pali bala pomwepo. Potuluka kukadzithandiza akhale pachingwe, mukulunge chitenje pansi pa mimba yake n'kumugwiririza pang'ono, osachikokera pabala. Kudumpha, masitepe ndi kusewera ndi agalu anzake zidikire.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi kabati ya mankhwala ya m'nyumba. Musamupatse Brufen ngakhale theka, amaboola m'mimba ndi kuwononga impso za galu. Panado nayenso ayi, pokhapokha dokotala wa ziweto atakuuzani mlingo. Mankhwala opha ululu amene akupatseni mumwetse pa nthawi yake ngakhale akuoneka bwino, pakuti galu sadandaula ngati ife. Mudzaona ululu akamapuma wefuwefu ali chigonere, akamanjenjemera kapena kukana chakudya. Mankhwala olimbana ndi matenda amalize onse. Pabalapo musathirepo sipiriti, phulusa kapena oyilo wa galimoto.

Kutupa pang'ono kofewa pansi pa bala kumachitika ndipo kumaphwa kokha. Koma pakatentha, pakatuluka mafinya, ulusi ukaduka kapena akakana kudya tsiku lonse, bwererani naye tsiku lomwelo.

Za bambo akunyumba, nkhawa yawo ya ndalama ndi yomveka. Funsani mtengo wonse pasadakhale, kuphatikizapo mankhwala ndi kuchotsa ulusi, ndipo mutha kufunsanso kuchipatala cha ziweto cha bungwe losamalira nyama la LSPCA konko ku Lilongwe kuti muyerekeze. Pa zomuzunzazo sindikugwirizana nawo. Galu wa miyendo itatu bala likapola amathamanga, amauwa akuba, amalondera bwinobwino. Chongoti musamunenepetse pomumvera chisoni. Nsima ya mgaiwa muchepetseko, muonjeze usipa kapena dzira lophika, kuti mukamusisita m'mbali nthiti zizimveka pansi pa dzanja.