Musadikire kuti ayambe kaye kuyankhula

Asisi a ku Bembeke, mwafunsa za mwana wanu wa miyezi 9 yemwe satembenuka mukamuitana, olo mbale igwe sadzidzimuka, ndiye apongozi akuti anyamata amachedwa mungodikira. Ine ndikuti ayi musadikire, pitani naye kuchipatala sabata yomwe ino.

Chimatipusitsa azimayife nchakuti mwana wosamva nayenso amalira, amaseka, amapanga timaphokoso take tija ali wakhanda, ndiye umangoti zonse zilibwino. Koma ikamakwana miyezi 6 mpaka 9, anzake akuyamba bababa mamama, iye amayamba kungokhala phee maso ali pankhope pako. Ndipo anawa amachenjera ndi maso zedi, akangoona chithunzithunzi chako watembenuka kale, iwe nkumati wandimva.

Ndiye mukamamuyesa pakhomo, wina amukhazike pamwendo, inu muime kumbuyo kwake asakuoneni, mugogode kapu ndi supuni mbali iyi kenako mbali inayo. Osaomba m'manja pafupi ndi khutu chifukwa kamphepo kaja kamamukhudza, osamenyetsanso chitseko poti kugwedezeka kuja amakumva m'thupi. Koma olo atembenuke pitanibe, ena amamva pang'ono chabe kapena khutu limodzi lokha, zimenezo pakhomo simungazidziwe.

Musanapite khalani pansi mukumbukire bwinobwino. Anabadwa masiku osakwana? Anachita chikasu atangobadwa? Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo aja, matenda oumitsa khosi kapena chikuku? Anabayidwapo gentamicin kapena kwinini? Mankhwalawa amapulumutsa moyo musamawakane ayi, kungoti adokotala akuyenera kudziwa. Kubanja kwanu kapena kwa bambo ake kuli wina anabadwa wosamva? Zonsezi mukanene osabisa. Ngati khutu likutuluka mafinya chonde chonde osathiramo mafuta ophikira, mkaka wa m'mawere kapena zitsamba, osatokosanso ndi nthenga ya nkhuku kaya kamtengo ka machesi. Mafinya amachizika kuchipatala, koma mukawalekerera amaononga khutu mpaka kalekale, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri chifukwa ndi chinthu choti tikanatha kupewa.

Yambirani kusikelo, muwauze alangizi a zaumoyo kapena anesi mosazungulira kuti "ndikukayika ngati mwanayu akumva", musangoyezetsa kulemera nkubwerako. Pemphani kalata yopita pachipatala cha boma pa Dedza, iwo akhoza kukutumizani ku Lilongwe. Ku African Bible College kuli ABC Hearing Clinic komwe amayeza makutu a ana, ku Queens ku Blantyre nakonso amayeza. Amangolowetsa kachipangizo kakang'ono m'khutu mwana ali mtulo, sizipweteka olo pang'ono. Transipoti njovuta ndikudziwa, koma ngati nkugulitsa thumba la kachewere gulitsani, chifukwa ubongo wa mwana umagwira chiyankhulo msanga zaka zitatu zoyambirira, ndipo akatswiri amafuna thandizo liyambe pofika miyezi 6. Wanuyu wadutsako pang'ono koma nthawi ikadalipo.

Akakapezeka kuti samvadi, si ufiti ndipo inu simunalakwe kalikonse. Ena amathandizika ndi timakina tovala kukhutu tokweza mawu, ena amakula ndi chinenero chamanja ndipo banja lonse limayenera kuphunzira nawo, osati mayi yekha. Konkuno ku Dedza tili ndi sukulu ya ana osamva ku Mua, palinso bungwe la MANAD la anthu osamva lomwe mungafunseko za chinenerochi.

Musaiwale buku lake la kusikelo, ndipo bambo ake apite nawo akadzimvere okha zomwe adokotala anene, kuti pofotokozera apongozi musakhale nokha.