Mafunso a Owerenga: Galimoto ya Mpikisano Yopitiranso Kuntchito

Funso: Ndili ndi VW Citi Golf imene ndimathamangitsa pabwalo la mpikisano la Zwartkops kamodzi pamwezi, koma ndi yomweyonso imene ndimapitira kuntchito. Anzanga akuti ndiikemo roll cage (chimango cha mapaipi achitsulo choteteza munthu galimoto ikagubuduzika) ndi malamba a mpikisano. Ndiyambire pati kuti ndisavutane ndi apolisi? Wowerenga wa ku Pretoria

Yankho: Achimwene, za apolisi tizisiye kaye, tiyambe ndi mutu wanu. Roll cage yathunthu anaipangira munthu wovala helemeti amene wamangidwa zolimba pampando. Popita kuntchito simuvala helemeti. Chitsulo chodutsa pamwamba pa chitseko chimakhala pafupi kwambiri ndi khutu lanu, ndipo galimoto ina ikakuwombani m'mbali, ngakhale pa liwiro la m'tauni, mutu umakamenya pomwepo. Zokutira zolimba zimene amaika pazitsulozi anaziyesa ndi helemeti, ndipo thovu lofewa lokutira mapaipi silipulumutsa munthu.

Galimoto yoyenda ponseponse imayenera half cage: chitsulo chimodzi chokhota kumbuyo kwa mipando yakutsogolo, ndi ziwiri zochichirikiza chakumbuyo. Mwendo uliwonse ukhale pa chitsulo chophwatalala chokhuthala mamilimita atatu, chachikulu masikweya sentimita 120, chomangidwa ndi mabawuti atatu a M8 a giredi 8.8 kapena kuposa. Mukangomanga pa malata a pansi pa galimoto, tsiku logubuduzika mwendowo umaboola pansi n'kutuluka. Mukaika half cage, kumbuyo kusakwerenso munthu, makamaka ana. Ngati gulu limene mukufuna kupikisanamo likufuna roll cage yathunthu malinga ndi malamulo a Motorsport South Africa, galimotoyo yasiya kukhala ya kuntchito, muziinyamula pa thirela.

Lamba wa kufakitale musamuchotse, ndiye wa mumsewu. Malamba a mpikisano amakuimikani chilili, moti pa mphambano simutha kuweramira kutsogolo kuti muone bwino, ndipo denga likaphwanyika popanda chitsulo choteteza mulibe kozembera. Malamba omangidwa malo anayi okha ali ndi vuto lina: pogunda, lamba wa m'chiuno amakwera kufika pamimba n'kuvulaza za m'kati. Gulani a malo asanu kapena asanu ndi limodzi, okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. A m'mapewa amangidwe pachitsulo chopingasa chimene chili pafupifupi molingana ndi mapewa anu. Ambiri amawamanga pansi kuseri kwa mpando, koma zikatero pogunda lambayo amakanikiza msana kuutsitsa.

Funso: Subaru Impreza yanga ndinaiika ma brake pad a mpikisano ndipo ndinaitsitsa. Tsopano m'mawa mabuleki amalira koma osagwira bwino, matayala akutha m'kati mokha, ndipo pa hampu iliyonse ndimakhula pansi. Ndalakwitsa chiyani? Wowerenga wa ku Lilongwe

Yankho: Bambo, mabuleki anuwo si owonongeka, akuchita zimene anawapangira. Ma pad a mpikisano amagwira akatentha kwambiri, ndipo ulendo wa m'tauni suwafikitsa pamenepo. Akazizira amatereka, amalira, ndipo amadya ma disc ngati tupa. Vuto ndi loti buleki yoyamba ya m'mawa ndiye ija ya pa geti ya sukulu. Khalani ndi ma pad awiriawiri, a mumsewu ndi a mpikisano. Kusintha akutsogolo sikutha ola limodzi. Mukasintha, pezani msewu wopanda anthu, muthamange mpaka 80 km pa ola, mutsike mpaka 20 osaima, kokwana kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako muyende mphindi zingapo osaponda buleki kuti azizire.

Chimene chimathandiza kuwiri konse ndi brake fluid. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi akhoza kuwira pa madigiri 155 okha, ndiye pedulo imamira mpaka pansi. Alipo DOT 4 wa mpikisano wopitirira madigiri 300. Musinthe kamodzi pachaka, ndipo mutulutse mpweya musanapite kukathamanga. DOT 5 ndi wa silikoni, musasakanize ndi enawa.

Za matayala, kutsitsa galimoto kumasintha camber (kupendekeka kwa tayala) ndi toe (kumene tayala laloza, mkati kapena kunja). Pa mpikisano anthu amapendeketsa matayala akutsogolo madigiri 2.5 mpaka 3, koma mumsewu 1 mpaka 1.5 akwana. Chimene chimadya tayala msanga kwenikweni ndi toe yolakwika, chifukwa tayala limayenda likukhuta m'mbali. Pitani ku alignment nthawi iliyonse mukasintha kutalika kwa galimoto. Ndipo ikwezeniko. Chimene chikukhula pa hampu nthawi zambiri ndi ekizozi, koma tsiku lina idzakhala sampu, oyilo adzatayika ndipo injini idzagwira. Ikani chitsulo chotchinga kunsi.

Matayala osalala opanda mizere saloledwa mumsewu. Ma semi-slick ngati Toyo R888R ali ndi mizere yochepa, ndipo pa madzi odikha a mvula ya Januwale galimoto imayandama. Akhale pa marimu akeake, muziwavala tsiku la mpikisano lokha.

Funso: Ndikufuna kuchotsa catalytic converter (chosefa utsi cha mu ekizozi) ndi kuika injini yaikulu. Kodi COF ndidzapeza? Wowerenga wa ku Blantyre

Yankho: Injini ili ndi nambala yake imene inalembedwa m'mapepala a galimoto. Mukasintha, sungani malisiti ndi mapepala a kumene injiniyo yachokera, mupite nawo ku Road Traffic kuti akonze zolembedwa musanapite kokayezetsa COF. Magetsi onse, hutala, ma wiper, handibuleki ndi malamba zikhale zogwira ntchito. Anthu popeputsa galimoto amachotsa zimenezi, kenako amabwezedwa.

Kuchotsa converter kumawonjezera mphamvu pang'ono chabe pa injini yosasinthidwa, koma kumabweretsa utsi wonunkha, phokoso, ndi getsi la check engine losazima, chifukwa sensa yachiwiri ya mpweya imaona kuti utsi sunasefedwe. Getsi limenelo likamayaka masiku onse, simudzadziwa tsiku limene injini yadwala zenizeni. Ikani converter yotulutsa utsi mofulumira m'malo mochotseratu, ndipo silensa ikhalepo.

Injini yaikulu imatentha kwambiri mukaima pa mzere wa galimoto, pamene mphepo siwomba redieta. Fani yamagetsi ikhale yoyaka yokha ndi switch ya kutentha, osati yodalira kuti mukumbuke kuyatsa. A inshulansi auzeni polemba kalata chilichonse chimene mwasintha, chifukwa akadzachipeza okha pambuyo pa ngozi akhoza kukana kulipira. Muwafunsenso ngati amateteza galimoto ili pabwalo la mpikisano, popeza mainshulansi ambiri a mumsewu salipira ngozi ya kumeneko.