Ndimatsuka mano kawiri pa tsiku, nanga akubowokeranji?

Mayi wina wanditumizira imelo yodandaula. Akuti amatsuka mano m'mawa ndi madzulo, maswiti sadya, koma mano awiri abowoka. Chakumapeto atchulanso kuti kuntchito amakhala ndi tiyi wa shuga pambali, n'kumamwa pang'onopang'ono mpaka kuweruka.

Mayi, nkhani yagona pa tiyi ameneyo. Chikuto choyera cha dzino, chomwe madokotala amati enamel, n'cholimba kuposa fupa. Pafupifupi magawo 96 mwa 100 alionse ndi mchere wa calcium ndi phosphate wotchedwa hydroxyapatite. Chomwe chimaugonjetsa ndi asidi. Mabakiteriya okhala m'zonanda zomata pa mano, monga Streptococcus mutans, akadya shuga amatulutsa asidi, ndipo pH, nambala yoyezera asidi yomwe imatsika asidi akamachuluka, ikafika pansi pa 5.5 mcherewo umayamba kusungunuka.

Apa m'pamene malovu amagwira ntchito yaikulu, ngakhale timawanyoza. Munthu amatulutsa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku. Malovuwo amatsuka shuga, bicarbonate yomwe ilimo imafoola asidi, ndipo calcium ndi phosphate zomwe anyamula zimabwerera m'dzino pomwe panasungunuka. Koma amafuna nthawi. M'zaka za m'ma 1940, wofufuza za mano Robert Stephan anaonetsa kuti pH imatsika m'mphindi zochepa munthu akangolawa shuga, koma kuti ibwerere pamatha mphindi 30 mpaka 60. Inu mukamwako tiyi malovu asanamalize, asidi amayambiranso. Tsiku lonse dzino likungotaya, osalandira.

Choncho imwani kapu yonse nthawi imodzi, makamaka pa chakudya, kenako madzi. Mukadya malambe, bwemba kapena kumwa zakumwa za gasi, zomwe zili ndi asidi wawowawo, musathamangire mswachi. Chikuto chimakhala chitafewa, dikirani kaye theka la ola.

Usiku malovu amachepa kwambiri, n'chifukwa chake kutsuka mano pogona ndimakuona kofunika kuposa kwa m'mawa. Mankhwala ake akhale a fluoride, chifukwa mchere womangidwa ndi fluoride umapirira asidi mpaka pH ya 4.5. Mukatha lavulani, osachukucha ndi madzi.

Yang'anani pagalasi m'mphepete mwa nkhama. Kadontho koyera ngati choko, pomwe dzino langoyamba kusungunuka, kangathe kuchira. Koma pomwe pabowoka kale sipangadzitseke, chifukwa enamel ilibe maselo amoyo. Mano awiriwo pitani nawo kwa dokotala wa mano msanga, ndipo ngati mkamwa mumauma kawirikawiri mukawauzenso, popeza matenda a shuga ndi mankhwala ena amachepetsa malovu.