Ctrl akakakamira mu pulogalamu yolembera

Mnzathu wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akupanga pulogalamu yolembera yoyenda mu browser, ndipo akulemba ndi chilankhulo cha makompyuta chotchedwa JavaScript. Funso lake mwachidule ndi ili: anaika chosungira chotchedwa ctrlDown, chimene chimakhala true munthu akadina Ctrl, n'kubwerera ku false akachotsa chala. Zimayenda bwino mpaka munthu atadina Ctrl ndi Tab kupita pa tsamba lina. Akabwerako n'kulemba b, pulogalamu imaona ngati wadina Ctrl ndi B, njira yachidule yodetsera mawu (bold), ndiye mawu amangoda m'malo moti chilembo chioneke. Akufunsa kuti vuto ndi kiyibodi kapena Chrome.

Achimwene, kiyibodi yanu ilibe mlandu, Chrome nayenso ayi. Vuto ndi chosungira chijacho.

Browser imakuuzani zinthu ziwiri: keydown batani likadinidwa, keyup likasiyidwa. Koma imauza windo yokhayo imene ili patsogolo panthawiyo. Munthu wanu anadina Ctrl ali pa tsamba lanu, inu n'kumva. Atadina Tab anachoka, ndipo chala anakachichotsera kwina, kotero keyup sinakufikeni. Zili ngati mlonda amene walemba m'buku kuti mlendo walowa, mlendoyo n'kutulukira geti lakumbuyo. Bukulo lizinenabe kuti munthuyo ali mkati mpaka mawa. Zomwezi zimachitika ndi Alt ndi Tab, komanso Ctrl ndi S ikatsegula kawindo kosungira fayilo.

Njira yake ndi kusiya kuloweza pamtima n'kumafunsa nthawi iliyonse. Keydown iliyonse imabwera itanyamula kale ctrlKey, shiftKey, altKey ndi metaKey, ndipo izi zimanena mmene mabataniwo alili pa mphindi imeneyo. Chilembo b chikafika, onani ctrlKey ya keydown yomweyo. Ikakhala true, detsani mawu. Ikakhala false, musiyeni munthu alembe. Ngakhale kudina ndi kuyendetsa mausi kumabweranso ndi zinayi zomwezi. Fufutani ctrlDown lero lomwe, vuto mwandifunsali litha.

Chosungira chimodzicho chili ndi chilema chinanso. Ma Ctrl pa kiyibodi alipo awiri, lakumanzere ndi lakumanja. Wina akagwira onse n'kusiya limodzi, chosungira chanu chinena false pamene batani linalo lidakali pansi. Ngati mukufunadi kuwasiyanitsa, onani code, imene imabweranso ndi keydown, ndipo imanena ControlLeft kapena ControlRight. Inzake yotchedwa key imangoti Control basi.

Tsono pali ntchito zina zofunadi kudziwa nthawi imene chala chachoka. Mu VS Code, pulogalamu yolembera mapulogalamu, mukagwira Ctrl n'kuloza dzina ndi mausi, limalembedwa mzere kunsi, mukasiya mzerewo umachoka. Mukafuna zotere, sungani ndithu, koma muike zotetezera ziwiri. Windo ikalandira blur, kutanthauza kuti munthu wachokapo, bwezerani zonse ku false osadikira keyup. Ndipo keydown, keyup kapena mousemove iliyonse ikafika, konzani chosungiracho kuti chifanane ndi zimene yabwera nazo. Pa Windows, Ctrl akagwiridwa nthawi yaitali keydown imabwera mobwerezabwereza; repeat ikakhala true, dziwani kuti ndi kudina komwe kuja, musayambitsenso ntchito.

Pali nkhani imene simunafunse koma ndiyo ndikuiona yaikulu kwa ife kuno. Malaputopu ambiri amene timagula ku Old Town ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo makiyibodi ake ndi osiyanasiyana. Mukayang'ana kumanja kwa batani lalitali lija losiyira mpata pakati pa mawu, pa ena mupeza palembedwa AltGr m'malo mwa Alt. Batani limeneli ntchito yake ndi kutulutsa zilembo zowonjezera. Pa kiyibodi ya ku Germany, chizindikiro cha @ chimatuluka ndi AltGr ndi Q. Tsoka lake, Windows imatenga AltGr ngati Ctrl ndi Alt zadinidwa pamodzi. Ndiye mukapatsa ntchito ina Ctrl, Alt ndi Q mu pulogalamu yanu, mwamulanda munthu uja njira yolembera adiresi ya imelo. Ine ndimati njira zachidule za Ctrl ndi Alt ndi chilembo muzipewe kotheratu. Ngati simungachitire mwina, funsani kaye getModifierState ngati AltGraph ili yodinidwa, ndipo ikavomera, chotsanipo dzanja.

Izi zikutikhudza mwachindunji chifukwa cha ŵ. Alipo ambiri amene amalemba Malaŵi ndi kadenga pamwamba pa w, ndipo pulogalamu yolembera yopangidwa ku Lilongwe siyenera kuwakaniza. Pa kiyibodi ya United Kingdom Extended mu Windows, munthu amadina AltGr ndi 6, pa sikirini osaoneka kanthu, kenako akadina w ndi pamene ŵ imatuluka. Kudina koyambako browser imakutcha Dead. Pulogalamu imene imatola zilembo kuchokera ku keydown imasokonezeka apa: mwina itaya kadengako, mwina ilemba w wamba. Choncho gawani ntchito. Keydown ikhale ya malamulo monga kusunga ndi kudetsa mawu, koma zilembo zenizeni muzizilandira ku beforeinput kapena input, mauthenga amene browser imatumiza mawu olembedwa akamasintha. Ndipo isComposing ikakhala true, chilembo chidakali m'njira, musachite kanthu. Pa foni za Android mpamene muone ubwino wake, chifukwa kiyibodi ya pa sikirini nthawi zambiri imangotumiza nambala 229 pa keydown, osanena chilembo chimene munthu wadina.

Za Mac ndinene mwachidule. Kumeneko ntchito ya Ctrl imagwiridwa ndi Command, imene mumaipeza pa metaKey. Ndipo Command ikagwiridwa, keyup ya zilembo zinazo sifika n'komwe. Lamulo lililonse mulimange pa keydown.

Mwanenanso kuti tsiku lina mukufuna kupanga ina yoyenda mu terminal, windo ya zilembo zokhazokha yolembamo malamulo a kompyuta, yonga mapulogalamu olembera a nano kapena Vim. Kumeneko zinthu n'zosiyana kwambiri. Terminal yachikale sinena kuti Ctrl wadinidwa, sinenanso kuti wasiyidwa. Imangotumiza nambala imodzi ya ASCII, ndondomeko yopatsa zilembo manambala, zonse zitatha. Ctrl ndi A ndi 1, Ctrl ndi B ndi 2, choncho mpaka Z pa 26. N'chifukwa chake Ctrl ndi I, imene ndi 9, singasiyanitsidwe ndi Tab, ndipo Ctrl ndi M, 13, ndi Enter yemwe. Alt kawirikawiri amabwera ngati Escape, 27, yotsatiridwa ndi chilembo, ndiye pulogalamu imadikira pang'ono kuti ione ngati kukubwera china. Ma terminal ena atsopano amatsatira njira imene inayambira ku terminal yotchedwa kitty, yomwe imatha kunena ngakhale za kusiya batani, koma muyenera kuipempha, ndipo muzikhala ndi pothawira ikakhala palibe.

Mukakonza, yesani motere. Gwirani Ctrl, dinani Tab, siyani muli kwinako, bwererani ndi mausi n'kulemba b. Tembenuzaninso: gwirani Ctrl muli pa windo ina, mulowe pa yanu chala chili pomwepo. Kenako dinani Shift kasanu pa Windows kuti muyatse Sticky Keys, imene imathandiza anthu osatha kugwira mabatani awiri nthawi imodzi, monga wolemba ndi dzanja limodzi, muone ngati Ctrl kenako S ikusungabe fayilo. Pomaliza onjezani United Kingdom Extended pa makonzedwe a chilankhulo mu Windows, mulembe Malaŵi. Chikakanika china mwa izi, munditumizire gawo la keydown lokhalo, tiliyang'ane limodzi.