Dzino la amalgam lisapite kung'anjo

Wophunzira za mano wina wandilembera imelo: dzino lozulidwa lomwe linamatidwa ndi amalgam, chitsulo chija chomatira mano obooka, liponyedwe m'bini iti? Akuti anzake amangoliponya m'yachikasu pamodzi ndi thonje la magazi.

Funsoli landikhudza chifukwa likuonetsa pomwe maphunziro amatsimphina. Mitundu ya mabini aliyense amailoweza mayeso akayandikira: yakuda ya zinyalala wamba, yachikasu ya zamagazi ndi malovu, bokosi la singano. Koma funsani kuti zam'bini yachikasuyo zimathera kuti, onse ziii. Zimathera kung'anjo yowotchera zinyalala, kuseri kwa chipatala. Tsono pafupifupi theka la amalgam ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Ikapsa imasanduka nthunzi, ndipo woyamba kuipuma ndi bambo wosonkhezera motoyo, kenako oyandikana ndi chipatala. Ina imagwera m'nthaka ndi m'madzi n'kudzapezeka m'nsomba. Matenda a mitsempha ndi ubongo omwe anadziwika ku Minamata, ku Japan, mu 1956 anabwera choncho, anthu atadya nsomba zokhala ndi mercury yochokera kufakitale, ndipo pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mercury linatenga dzina la tauniyo.

Maganizo anga ndi akuti wophunzira asagwire wodwala asanakaone ng'anjo ndi maso ake. Digiri ya udokotala wa mano kuno ku Malawi inayamba mu 2019, n'chatsopano, ndiye zizolowezi zomwe zikumera pano ndizo zidzakhazikike. Akaona thumba likung'ambika m'manja mwa wonyamula, sadzaponyanso kampeni ka opaleshoni m'thumba la pulasitiki.

Palinso vuto la kuponya chilichonse m'yachikasu poopa kulakwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 85 peresenti ya zinyalala za m'chipatala ndi zinyalala wamba. Mapepala okutira zida ndi makatoni akalowa m'yachikasu, bini imadzaza msanga ndipo ng'anjo imadya mafuta pachabe.

Za singano musachite nazo chibwana. Ya jakisoni wa dzanzi imafunika kuivundikira musanaichotse, ndiye ikani chivundikirocho pathireyi, muchitole ndi singanoyo ndi dzanja limodzi. Manja awiri ayi. Bokosi likafika magawo atatu mwa anayi, tsekani, osakanikiza ndi chala. Mukabayidwa, sambani ndi sopo pamadzi oyenda, osafinya, nenani pomwepo. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayambidwa pasanathe maola 72, makamaka tsiku lomwelo, ndipo amamwedwa masiku 28. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B mulandiretu, pakuti matendawa amapatsirana pasingano mosavuta kuposa HIV.

Jik nayenso musamamutsire m'mapaipi oyamwa malovu, chifukwa amasungunula mercury m'tizidutswa ta amalgam tomwe tatsakamira m'menemo. Madzi otsukira zithunzi za X-ray, aja a fixer, ali ndi siliva, asapite m'sinki.

Nanga dzinolo?

M'botolo lolimba lotseka bwino, lolembedwa kuti zinyalala za amalgam, pamodzi ndi makapisozi a amalgam ogwiritsidwa kale ndi zotsalira za m'sefa ya mpando wa odwala mano. Lisalowe m'yachikasu, m'bokosi la singano, ngakhale mu autoclave, makina ophera tizilombo pazida ndi nthunzi yotentha. Ngati mukufuna kuphunzirirapo kubowola, liviikeni mu formalin, mankhwala ophera tizilombo, wa 10 peresenti kwa milungu iwiri. Botolo likadzaza, perekani kwa woyang'anira zopewa matenda pachipatalapo, mumuuze mosabisa kuti ndi losawotcha.