Komwe mungatenge moto wosazima wa zipangizo za alamu ya galimoto

Achimwene, funso lanu ndalimva motere: alamu munaika kale m'galimoto, tsopano mukufuna kuwonjezera sairini yachiwiri, kachipangizo komva kugwedezeka kwa galimoto ndi timamota tokhoma zitseko, ndipo mukusaka waya amene amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi atazulidwa, amenenso ali kale ndi fyuzi yake. Ena mwa amene ayankha akuti mulumikize ku waya wachikasu wa wailesi, ena akuti ku soketi yoyatsira ndudu. Ine ndikusiyana nawo, koma ndisanatchule malo ndiyenera kuwongola kaye ganizo limodzi limene lili m'funso lenilenilo.

Kupeza waya amene ali kale ndi fyuzi sikutanthauza kuti waya wanu watsopano watetezedwa. Fyuzi amaisankha poyang'ana kunenepa kwa waya amene ikumuteteza, kuti iyo idukiretu wayayo asanatenthe. Mawaya onenepa amene amapita ku switchi ya kiyi, pansi pa chiwongolero, amakhala ndi moto nthawi zonse ndithu, ndipo oika maalamu ambiri amatenga moto pamenepo, koma fyuzi yawo ili kutali, mkati mwa boneti, ndipo kawirikawiri imakhala ya 30A, 40A kapena kuposa apo. Mukalumikizapo kawaya kowonda ka 0.5 mm², kenako kawayako n'kukhulika pa chitsulo chakuthwa kuseri kwa dashibodi, kadzafiira ngati chitsulo cha sitovu ndi kusungunula mapulasitiki ozungulira, fyuzi yaikulu ija isanaduke n'komwe. Choncho kulikonse kumene mungatenge moto, muike fyuzi yanuyanu pafupi kwambiri ndi pamene mwalumikizapo, masentimita ochepa chabe, chifukwa chigawo cha waya chimene chili pakati pa polumikiza ndi fyuziyo chilibe chochiteteza. Fyuzi imene ili kumapeto, pafupi ndi sairini, siipulumutsa waya yense amene ali kumbuyo kwake.

Mukatero muwerengere kaye moto umene zipangizozo zimakoka, popeza zitatu mwatchulazi sizofanana. Kachipangizo komva kugwedezeka kamadya moto wochepa zedi, ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi pulagi yake pa bokosi la alamu, kotero sikafunika waya wapadera. Sairini imakoka pafupifupi 1A kapena kupitirira pang'ono pamene ikulira. Vuto lili pa timamota ta zitseko: kalikonse kamagwira ntchito kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi, koma pa kanthawiko kamakoka ma amp angapo, ndipo tinayi tikakhoma pamodzi tikhoza kupitirira 10A, makamaka loko ya chitseko ikakhala youma kapena yolimba. N'chifukwa chake mabokosi ambiri oyendetsa timamotati amabwera ndi fyuzi ya 15A. Ngati mtsogolo mudzafuna kuwonjezera chotsekera magalasi, chimenecho chimafuna moto wochuluka kuposa zonsezi.

Apa m'pamene waya wachikasu wa wailesi akulepherera. N'zoona kuti pa mawailesi ambiri ogula padera waya wachikasu ndi wa moto wosazima ndipo wofiira ndi wa kiyi, koma dera la mawaya limeneli nthawi zambiri limagawana fyuzi yaing'ono ndi wotchi kapena magetsi a m'kati, ndipo m'magalimoto ena wayayo ndi wowonda chifukwa ntchito yake ndi yongosunga masiteshoni. Tsiku limene loko imodzi idzalimbe, fyuziyo idzaduka, ndipo wailesi ndi zonse mwalumikizapo zidzazima limodzi. Soketi yoyatsira ndudu sinditaya nayo nthawi yambiri: m'magalimoto ochuluka imazima kiyi akazulidwa, ndipo mwa ena imakhalabe ndi moto kwa mphindi zingapo kenako n'kuzima.

Khalidwe lozima mochedwali ndilo limapusitsa anthu ambiri, ndipo ndikupemphani kuti mulisamale kwambiri. Magalimoto a zaka zaposachedwa ali ndi kompyuta yoyang'anira magetsi a m'kati, maloko ndi magalasi, imene siidula moto nthawi yomweyo mukazimitsa injini. Imadikira mpaka chitseko chitsegulidwe, kapena mpaka papite mphindi 10, 20 ngakhale 30, kenako imagona ndi kudula madera ena pofuna kusunga batire. Munthu amayesa fyuzi atangozula kiyi, n'kupeza 12V, n'kulumikiza zonse mokondwa, osadziwa kuti pakati pa usiku sairini yake idzakhala ilibe moto. Fyuzi ya magetsi a kudenga ndiyo imakonda kuchita zimenezi.

Kayesedwe koyenera n'kotere. Mutenge mita yoyezera magetsi (multimeter), muiike pa DC 20V, nsonga yakuda muigunditse pa bawuti yopanda penti imene yamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Pamsana pa fyuzi iliyonse yamakono pali timadontho tiwiri tachitsulo toonekera, ndipo mukagunditsapo nsonga yofiira mumawerenga moto popanda kuizula. Batire lodzaza bwino, injini itazima, limaonetsa pafupifupi 12.6V. Mulembe mafyuzi onse amene akuonetsa moto kiyi ali m'thumba. Kenako, chitseko chili chotsegula, mukankhe kachitsulo ka loko ya chitsekocho ndi sukurudiraiva mpaka kadine kawiri, kuti galimoto iziyesa kuti chatsekedwa. Ngati galimoto yanu ili ndi kabatani kapadera pa mphuthu ya chitseko, mukapanikize ndi tepi. Mukhome galimotoyo, mudikire theka la ola osakhudza chilichonse, ndipo muyesenso mafyuzi aja. Amene akadali ndi moto ndiwo osazima enieni. Musaiwale kumasula loko ija pokoka chogwirira musanamenyetse chitseko. Yesero lomaliza ndi loliza injini mukuyang'ana mita: pa fyuzi yoyenera moto umatsika pang'ono, mwina kufika cha m'ma 10V pamene sitata ikuzungulira, koma sufika pa ziro. Ngati muli ndi chojambula cha mawaya a galimoto yanu ndipo chikutsatira manambala a ku Germany a DIN 72552, nambala 30 ndi moto wochokera ku batire, 15 ndi moto wa kiyi, ndipo 31 ndi earth, kutanthauza negetivi yolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto.

Musagwiritse ntchito tesita ya babu pobaya mawaya amene simukuwadziwa, chifukwa babulo limakoka moto wokwanira kuwononga kompyuta. Mapulagi ndi mawaya okutidwa ndi chikasu chowala pansi pa chiwongolero ndi pansi pa mipando ndi a airbag, ndipo zingwe zonenepa za mtundu wa lalanje m'magalimoto a hybrid zimanyamula moto woopsa umene ungaphe munthu. Zimenezi musazikhudze konse.

Pakati pa mafyuzi amene apambana mayesowo, musankhe amene dera lake silikhudza chitetezo cha galimoto poyenda. Ya ma hazard, ya hutala, ya maloko kapena ya mipando yoyendera magetsi ndi imene imakonda kukhala yosazima. Ya airbag, ya ABS, ya magetsi a mabuleki, ya pampu ya mafuta ndi ya kompyuta ya injini muisiye, ngakhale itakhala pamalo osavuta kufikapo. Chabwino koposa ndi kupeza malo opanda fyuzi m'bokosimo amene mbali imodzi muli kachitsulo ka moto, poti opanga magalimoto amasiya malo otere a zipangizo zimene mtundu wanuwo sunaikidwe.

Polumikiza mu bokosi la mafyuzi mugule kachipangizo kotchedwa fuse tap kapena add-a-fuse, kamene kamalowa m'malo mwa fyuzi yakale ndipo kali ndi mipata iwiri, wapansi wa fyuzi yakaleyo ndi wapamwamba wa fyuzi yanu yatsopano. Kali ndi mbali yake yolowera, ndipo ambiri saidziwa. Mukazula fyuzi yakale mupeza kuti mwa mabowo awiri aja, limodzi lokha ndilo lili ndi moto. Mwendo wa fuse tap umene uli kutali ndi kawaya kotuluka ndiwo uyenera kulowa m'bowo la motolo. Mukatembenuza, zinthu zigwirabe ntchito, koma moto wa zipangizo zanu udzakhala ukudutsa kaye mu fyuzi yakale, imene tsopano yasenza katundu wa madera awiri. Kutsimikiza n'kosavuta: muike fyuzi yapamwamba yokha, yapansi musaike, ndipo ngati kawaya kotuluka kakuonetsa 12V ndiye kuti mwalowetsa bwino. Fyuzi yatsopanoyo isakhale yaikulu kuposa yakale, ndipo ine pa fuse tap sindipitirira 10A. Njira yokulunga waya pa mwendo wa fyuzi ndi kuikankhira m'bowo ndiyoipa, chifukwa imakulitsa bowolo, fyuzi n'kumagwedera ndi kutentha, komanso wayayo akakulungidwa ku mwendo wa moto amakhala alibe fyuzi iliyonse yaing'ono.

Zikanakhala sairini ndi kachipangizo kaja zokha, fuse tap yokhala ndi fyuzi ya 5A ikanakwanira. Popeza pali timamota ta zitseko, ine ndikanakoka waya mmodzi wa 2.5 mm² kuchokera ku pozitivi ya batire, ndi fyuzi ya 20A m'chotengera chosalowa madzi pafupi ndi batirelo, mtunda wosapitirira masentimita 30. Wayayo alowe m'galimoto kudzera pa mphira umene mawaya ena amadutsirapo pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, osati pa bowo lachitsulo lopanda mphira, ndipo atalikirane ndi paipi ya utsi, ma pedulo ndi mtengo wa chiwongolero. M'katimo afikire pa kabokosi kakang'ono ka mafyuzi, pamene mugawe 15A ya maloko pa waya wa 1.5 mm², ndi 5A ya sairini. Ubwino wake ndi wakuti loko ikachita shoti imadula fyuzi yake yokha, alamu n'kupitiriza kulondera, ndipo simunasende waya aliyense wa galimoto. Kuipa kwake ndi kwakuti waya woonekera pa batire amamuuza wakuba pomwe angadule, choncho mumukute ndi paipi yakuda ya mawaya kuti afanane ndi anzake, ndipo sairini yachiwiriyo ikhale ya mtundu umene uli ndi batire lakelake, umene umalira moto ukadulidwa. Mitundu ya mafyuzi imathandiza pogula: ya 10A ndi yofiira, ya 15A ndi yabuluu, ya 20A ndi yachikasu, ya 30A ndi yobiriwira.

Wina akhoza kukulozerani ku soketi ya OBD-II pansi pa dashibodi, imene amakaniko amalumikizapo kompyuta. Pini 16 imakhaladi ndi moto wa batire nthawi zonse, ndipo 4 ndi 5 ndi earth, koma dera limeneli ndi la tizipangizo todya moto wochepa, osati mamota. Pafupi pomwepo, pa pini 6 ndi 14, pali mawaya amene makompyuta a galimoto amalankhulirana, ndipo kulakwitsa pamenepo kungaletse galimoto kulira.

Earth ikhale yaifupi, yonenepa mofanana ndi waya wa moto, yomangidwa ndi kamphete kachitsulo pa bawuti ya thupi la galimoto pamalo opalidwa penti. Ngati pa negetivi ya batire lanu pali kachipangizo kokhala ndi pulagi, monga zimakhalira m'magalimoto amene amazimitsa okha injini akaima, musamange earth pa mutu wa batire, chifukwa kachipangizoko kamawerenga moto wonse wotuluka ndipo mukakalambalala mawerengedwewo amasokonekera. Polumikiza mawaya muwotcherere ndi solder kapena mufinye ndi zolumikizira zoyenera, osati kungopota ndi kukulunga tepi. Ntchito yonse yolumikiza mawayayi muichite mutamasula negetivi ya batire, mutatsimikiza kaye kuti muli ndi nambala yachinsinsi ya wailesi ngati imafuna, ndipo mafyuzi muwaike pomalizira.

Popeza dera limeneli silizima, chilichonse chimene chili pamenepo chimadya batire usana ndi usiku. Chimene chimavutitsa kwambiri ndi relay (switchi yoyendetsedwa ndi magetsi) yolumikizidwa mwanjira yakuti koyilo yake, pa miyendo yolembedwa 85 ndi 86, izikhala yoyaka nthawi yonse imene alamu yatcheredwa. Koyilo ya relay wamba imakoka pafupifupi 150mA (0.15A), zimene pa maola 24 ndi 3.6Ah, kotero batire la 45Ah likhoza kutaya kupitirira theka la mphamvu yake galimoto ikaima sabata imodzi. Mukamaliza ntchito, muike mita pa 10A, muilumikize pakati pa mutu wa negetivi ndi chingwe chake, mudikirenso kuti galimoto igone, ndipo muwerenge. Magalimoto ambiri akagona amakoka moto wosapitirira 50mA. Mukapeza wochuluka, muzizula mafyuzi anu atsopano imodziimodzi mpaka nambala itsike, ndipo imene yatsitsayo ndiyo ili ndi vuto. Musayerekeze kuliza injini kapena kukhoma zitseko ndi rimoti mita ili pamenepo, chifukwa fyuzi ya m'kati mwa mitayo ikhoza kuduka nthawi yomweyo.

Musanagule fuse tap, muzule fyuzi imodzi m'bokosi lanu ndi kupita nayo, popeza pali zazikulu, za mini, za mini zazifupi ndi za micro, ndipo sizilowerana. Mukaika pano mtundu wa galimoto, chaka chake ndi chithunzi cha chojambula chimene chili kuseri kwa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi, tikhoza kukulozerani mafyuzi oyamba kuyesa.