Ndisiye liti omeprazole? Yankho kwa mayi wa ku Mchinji

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera kuti wakhala akumwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, tsiku ndi tsiku kuyambira chaka chatha. Amagula yekha ku famase, ndipo akangodumphitsa tsiku limodzi chilungulira chimabwerera mwaukali. Akufunsa ngati pali vuto kupitiriza.

Mayi, kalata yanu inandisowetsa tulo, chifukwa inandikumbutsa malume anga. Iwo anali omanga nyumba, ndipo msana unkawavuta monga umavutira aliyense amene wanyamula njerwa zaka zambiri. M'mawa uliwonse asanakwere njinga ankameza bufeni awiri ndi tiyi wopanda chotafunira. Msana ukakula ankawonjezera indosidi wogula pa golosale. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro pamtima pankayamba kutentha, ndiye m'thumba la malaya simunkasowa mapilitsi oyera a magnesium trisilicate atakulungidwa m'kapepala ka thumba la simenti. Ankatafuna akuyala njerwa, mpaka m'mbali mwa milomo munkayera. Usiku zikavuta ankatapa soda wa therere wa azakhali, kusungunula m'kapu, kumwa, n'kugeya kwambiri kenako n'kunena kuti basi, zatsika.

Kunyumba tonse tinkati ndi maalasa, ndipo aliyense anali dokotala. Wina ankati asiye tsabola. Wina ankati azimwa mkaka. Azakhali ankati vuto ndi maganizo, ngongole zachuluka. Palibe amene anayang'anapo bufeni uja. Tsiku lina malume anagwa ali pa sikafodi yaifupi, mwamwayi sanavulale. Kuchipatala ndi kumene anaulula kuti kwa masiku angapo chimbudzi chinali chakuda ngati phula. Chilonda cha m'mimba chinali chikutaya magazi, ndipo anawapatsa magazi asanatuluke.

Chimandipweteka n'chakuti mapilitsi oyera aja ankagwiradi ntchito yake. Magnesium trisilicate amasukulutsa asidi amene ali kale m'mimba, ndipo munthu amamva bwino m'mphindi zochepa, koma pakatha ola limodzi kapena awiri asidi wina wabwera kale. Bufeni, indosidi, diclofenac ndi aspirin amafooketsa chitetezo cha khoma la m'mimba. Ndiye malume ankaboola mimba m'mawa, masana n'kutontholetsa ululu umene ukanawauza kuti asiye. Soda uja ndiye sindimufuna n'komwe. Kugeya kumene anthu amakuyamikira ndi mpweya wopangika soda akakumana ndi asidi, ndipo soda ali ndi sodium wambiri, yemwe uja wa mu mchere, zimene n'zoipa kwa munthu wa BP. Mkaka nawo umaziziritsa kanthawi, kenako mimba imatulutsa asidi wina pofuna kuugaya.

Za maganizo zija, azakhali sanali okha. Madokotala padziko lonse ankakhulupirira zomwezo mpaka madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, atasonyeza mu 1982 kuti m'mimba mwa anthu ambiri a zilonda muli kachilombo ka Helicobacter pylori. Anzawo anawakayikira, ndiye mu 1984 Marshall anamwa dala tizilomboto n'kudwala. Onse awiri anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka n'kofala kwambiri kuno ku Africa, ambiri timakatenga tili ana, ndipo kamachizika ndi omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri kwa sabata imodzi kapena awiri. Ndiye taganizani: munthu angathe kugula omeprazole chaka chonse pa vuto loti likanatha m'masabata awiri.

Apa ndiye ndimakwiya. Omeprazole ndi mankhwala abwino kwabasi. Anatuluka ku Sweden chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo sasukulutsa asidi koma amatseka timapampu ta m'khoma la mimba timene timamutulutsa. Asanabwere iyeyu ndi cimetidine wa mu 1976, anthu ambiri a zilonda ankathera ku opareshoni. Koma ubwino wakewo ndi umene ukutipusitsa. Munthu amafika pa kauntala, akungoti pamtima pakutentha, wogulitsa n'kumupatsa kapaketi osafunsa zaka zake, osafunsa ngati akuonda, osafunsa mankhwala ena amene akumwa. Mwezi wamawa yemweyo abweranso, apatsidwanso. Ine ndimati kumeneko si kuthandiza munthu, ndi malonda basi. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ili yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala nsima itasiya kale kutsika. Wogulitsa amene sangafunse ngakhale funso limodzi loti "chakudya chikutsika bwino?" asandiuze kuti ndi wazaumoyo.

Ndisanaiwale, ngati m'kabati mwanu mukadali ranitidine wakalekale, mankhwala ena a chilungulira, tayani. Mayiko ambiri anamuchotsa pamsika cha m'ma 2020 atapeza kuti mumapezeka NDMA, mankhwala oganiziridwa kuti angayambitse khansa.

Kwa amene muli pa ma ARV

Izi sindinazione zitalembedwa pa kapaketi kalikonse ka pa golosale. Ambiri mwa amene ali pa ma ARV kuno akumwa okhala ndi dolutegravir. Magnesium ndi aluminium wa m'mapilitsi otafuna aja amagwira dolutegravir m'matumbo, osalowa bwino m'magazi. Imwani ma ARV anu maola 2 musanatafune mapilitsiwo, kapena dikirani maola 6 mutatafuna. Mapilitsi otafunawa amachitanso zomwezo kwa doxycycline, ciprofloxacin ndi mapilitsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, omwenso ndi anthu amene chilungulira chimawazunza kwambiri. Amene muli pa ma ARV otchedwa atazanavir, omeprazole musamuyandikire musanafunse ku kiliniki yanu.

Tsono mayi, kwa inu. Kubwerera kwa chilungulira mukadumphitsa tsiku si umboni woti mudzamwa mpaka kalekale. Mimba imene yatsekeredwa nthawi yaitali imatulutsa asidi wochuluka kwa masabata angapo mukasiya mwadzidzidzi, n'chifukwa chake amasiyitsa pang'onopang'ono. Alipo anthu amene dokotala amawasiya pa omeprazole zaka zambiri pa zifukwa zomveka, koma amawayang'anira, chifukwa pakapita nthawi vitamini B12 ndi magnesium zimatha kuchepa m'thupi. Pitani kuchipatala mutanyamula mapaketi onse amene mukumwa, ndi a msana omwe, mukapemphe kuyezedwa kachilombo kaja ka H. pylori. Pakadali pano muzimwa omeprazole wanu mphindi 30 musanadye kadzutsa, ndipo musamagone mutangotsuka m'manja pa mgonero. Ngati chakudya chikukakamira pakhosi, mukuonda, mukusanza magazi kapena chimbudzi chada, musadikire kumapeto kwa mwezi. Kapempheni kalata yoti akakuunikeni m'mimba ndi kamera, ndipo kwa inu a ku Mchinji kufupi ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.